Pogawa ndalama za zipatala, muziwerenganso odwala owoloka malire

Akonzi,

Ndine membala wa komiti ya chipatala china chaching'ono cha kudera la Muloza kuno ku Mulanje. Galimoto ya mankhwala ikafika, ife timaitanidwa kukachitira umboni: kuwerenga makatoni, kusayinira, kenako chitseko n'kukhomedwa tikuona. Choncho zimene ndilembe pano si zakumva ayi.

Mankhwala amene timasayinirawo safika kumapeto kwa mwezi, makamaka m'dzinja malungo akavuta. Pofika sabata yachitatu adokotala amangolemba m'buku n'kunena kuti, "Mayi, mukagule kufamase." Amene akuuzidwa zimenezo ndi munthu wothyola tiyi, amene malipiro ake adathera kale pa ufa ndi ngongole.

Zikatere anthu amathamangira kunena kuti mankhwala abedwa, ndipo ife a komiti timalozedwa zala pamsika. Sindikana, akuba alipo m'dziko muno. Koma kwathu kuno vuto lalikulu ndi masamu. Kalembera wa 2018 adapeza anthu oposa 680,000 m'boma la Mulanje, ndipo owerengawo adalekezera pa mitsinje ya Muloza ndi Ruo. Odwala salekezera pamenepo. M'mamawa amayi a ku Milange, ku Mozambique, amakhala awoloka kale, ana ali kumsana, kudzakhala pamzere. Ndi Alomwe anzathu, ena ndi azilamu athu enieni, ndipo mukawafunsa kwawo amatchula mudzi wa amalume awo wa tsidya lino. Nanga namwino angabweze mwana wotentha thupi poti adabadwira tsidya linalo? Ifenso njala ikativuta timakagula chimanga kwa iwowo. Koma mankhwala a malungo a LA amene mwanayo wamwa achoka m'katoni yomwe ija tidasayinira.

Palinso mtunda. Midzi yambiri ili m'tsinde mwa phiri, ndipo namondwe wa Freddy mu Malichi 2023 adakokolola misewu ndi milatho. Ambulansi yodzatenga mayi amene uchembere wamuvuta imamwa mafuta ochuluka kuposa yoyenda pa tala m'tauni. Mu Novembala chaka chomwecho kwacha idagwa ndi 44 peresenti, katundu yense n'kukwera. Alangizi a zaumoyo, amene amayendetsa sikelo ya ana m'midzi, ena amakankha njinga theka la ulendo.

Nthawi ya bajeti timamva pawailesi aphungu akukumbutsana za pangano la ku Abuja la 2001, loti boma lizipereka 15 peresenti ya bajeti ku zaumoyo. Ndi bwino ndithu. Chondidabwitsa n'chakuti onse amakamba za kukula kwa mphika, koma za chipande chogawira nsimayo sitimva. Boma lililonse limalandira zingati pa munthu mmodzi, ndipo chifukwa chake n'chiyani? Ndalamazo zikafika ku khonsolo, zingati zimatsalira pa chipatala chachikulu cha paboma, zingati zimafika kwa ife akumudzi?

Sindikunena kuti mulande za anzathu a ku Ntchisi kapena Dowa mutipatse ife. Ndipo a ku Mwanza, Dedza, Mchinji ndi Nsanje nawonso ali pamalire, akudziwa zimene ndikunenazi. Pempho langa kwa ogawa ndalama ndi loti pambali pa kalembera, aziyang'ananso chiwerengero cha odwala amene afikadi pakhomo la chipatala, kutalika kwa njira ndi matenda ovuta m'deralo. Aphungu ndi makhansala athu atithandizenso kuti gawo la chipatala chilichonse lizimatidwa pakhoma, aliyense aziwerenga yekha, ife a komiti tipumeko kutchedwa mbava.

Mabuku olembamo odwala alipo, adzaza kabati mpaka ena tidamanga ndi chingwe. Amene akufuna kuwawerenga abwere Lolemba m'mawa, mzere usanathe.

Membala wa komiti ya pachipatala,
Muloza, Mulanje