Kalata ya Abusa: Lekani kutentha tchire

Okondedwa mwa Ambuye, amayi, abambo ndi achinyamata,

Chisomo ndi mtendere zikhale nanu nonse.

Ndalemba kalatayi chifukwa cha zimene zaonekera mayi wamasiye wa mpingo wathu amene amakhala kumapeto kwa mzinda wathu wa Mzuzu, mbali ya ku nkhalango ya Kaning'ina. Moto wochokera kutchire unawapsereza khitchini yaudzu, khola la nkhuku ndi matumba a chimanga chimene amati adye mpaka Febuluwale. Mdzukulu wawo anali mtulo m'nyumba, ndipo anamunyamula ndi anansi utsi utadzaza kale kuchipinda. Motowo anauyatsa ndi anyamata osaka mbewa.

"Taonani, kamoto kakang'ono kayamba kutentha nkhuni zambiri!" (Yakobo 3:5)

Ena a inu munamva za tauni ya Lahaina pa chilumba cha Maui ku Hawaii. Pa 8 Ogasiti 2023 waya wamagetsi anagwera pa udzu wouma m'mamawa. Ozimitsa moto anabwera, nauthira madzi, nachoka poganiza kuti wazima. Masana mphepo yamkuntho inaudzutsanso. Pofika usiku nyumba zoposa 2,000 zinali phulusa ndipo anthu pafupifupi 100 anamwalira. Ena anapsera m'galimoto zawo pamsewu umene unadzaza ndi othawa, ena anapulumuka podziponya m'nyanja. Limenelo ndi dziko la America, kumene galimoto zozimitsa moto zilipo zambiri. Nanga ife kuno, m'tinjira ta ku Masasa ndi Mchengautuwa momwe ngakhale ambulansi imavutika kulowa, tidzathawira kuti? Chimene chinadyetsa moto wa ku Lahaina ndi udzu umene unamera m'minda yakale ya nzimbe yosiyidwa. Yang'anani mapuloti osamangidwa amene ali pakati pa nyumba zathu mwezi uno wa Okutobala, udzu wofika m'khosi, wouma gwa.

Tsono ndilankhule mosapsatira. Oyatsa tchire si anthu akunja okha. Ali m'mabenchi athu Lamulungu lililonse. Bambo amasosa m'munda, nayatsa zinyalala dzuwa lili paliwombo, mphepo ikuwomba, n'kupita kwawo kukadya nsima. Mwana amabwera ndi mbewa zonunkha utsi, mayi n'kuzilandira, kuziwamba, osafunsa kuti tchire lapsa mpaka pati. Wina amataya ndudu m'mbali mwa msewu. Ndipo tonsefe tikaona utsi paphiri timangoti, "Ndi tchire la boma." M'bale wanga, ukudziwa amene anayatsa koma wakhala chete chifukwa ndi mwana wa mnzako. Tchimo limeneli ndi lakonso. "Kodi ndine woyang'anira mphwanga?" (Genesis 4:9). Anayankha choncho ndi Kaini.

Nkhalango ya Chikangawa, ya mahekitala pafupifupi 53,000, yakhala ikupsa chaka ndi chaka ife tikuyang'ana. Madzi amene timamwa mu Mzuzu muno amachokera ku damu la Lunyangwa, lomwe limadalira mitengo ya ku Kaning'ina. Tikutentha chitsime chathu chomwe chifukwa cha ndiwo za tsiku limodzi.

Malemba akuti woyatsa motowo alipe ndithu (Eksodo 22:6). Makolo a anyamata aja, ngati muli a mpingo uno, bwerani mudzaonane nane ndi akulu a mpingo sabata ino isanathe. Sindidzakuchititsani manyazi pagulu, koma simudzayandikira gome la Ambuye nkhaniyi isanakonzedwe.

Loweruka likubwerali 6 koloko m'mawa tonse tikumane patchalitchi ndi zikwakwa, makasu ndi zikwanje. Tidzalambula kuzungulira tchalitchi, kenako tidzagawana m'magulu kupita kumakomo a okalamba ndi amasiye amene ayandikana ndi tchire. Udzu wodulidwawo usawotchedwe, ukwiriridwe m'dzenje. Achinyamata, kwaya ya m'mawa yaimitsidwa tsiku limenelo, musapereke chifukwa. Amene muli ndi puloti yosamangidwa muitchetche mwezi uno usanathe.

Lamulungu kudzakhala chopereka chapadera chogulira malata ndi chimanga cha mayi wathu uja. Amene mulibe ndalama bweretsani ufa, nyemba kapena zovala za mwana, muzipereke kwa atsogoleri a bungwe la amayi. 

Ambuye akusungeni inu ndi mabanja anu.

Ine mtumiki wanu mwa Khristu,
M'busa wa mpingo