Okalamba akabwera kudzayezetsa BP, muziwagwiranso pamkono

Akonzi,

Ndiloleni ndilankhulepo za nthenda ya mtima imene madokotala amaitcha atrial fibrillation, yomwe ndakhala nayo kwa zaka zinayi tsopano. Ndine mphunzitsi wopuma pantchito wa zaka 69, ndipo mpaka lero ndimapalasa njinga kupita kudimba kwanga.

Inayamba ngati kutopa wamba. Chitunda chomwe ndinkakwera osatsika panjinga chinayamba kundichititsa befu, mtima n'kumagunda mosalongosoka, pena kuthamanga pena kudumphira. Ndinapita kuchipatala kangapo, ndipo ulendo uliwonse ankandiyeza BP ndi makina, kundipatsa mapiritsi, n'kundiuza kuti ndi ukalamba. Amene anaitulukira ndi namwino wina yemwe anangoika zala zake pamtsempha wa pamkono wanga kwa mphindi imodzi, kenaka n'kunditumiza kukayezetsa mtima pa ECG, makina oonetsa kagundidwe ka mtima.

Mtima uli ndi zipinda zinayi. Munthu akadwala nthendayi, zipinda ziwiri zam'mwamba zimangonjenjemera m'malo mopopa, choncho magazi amatsalira m'menemo n'kuundana, ndipo kachidutswa kakachoka n'kukatseka mtsempha wa muubongo, munthu amachita sitiroko. Wodwala nthendayi ali pachiopsezo cha sitiroko mowirikiza pafupifupi kasanu kuposa amene alibe, chikhalirecho ambiri samva chilichonse m'thupi. Ndikaona anzanga amene anafa ziwalo mbali imodzi, abale n'kumalozana zala kuti kuli anawalodza, ndimadzifunsa kuti ndi angati mwa iwo akanapulumuka wina akanangowagwira pamkono nthawi ilipo.

Ine ndimamwa mankhwala awiri, ena ochepetsa liwiro la mtima ndi warfarin woletsa magazi kuundana. Warfarin ndi wofuna mwambo. Magazi amayenera kuyezedwa pafupipafupi kuti muyezo wotchedwa INR ukhale pakati pa 2 ndi 3, chifukwa ukatsika magazi amaundana, ukakwera munthu amatha kutaya magazi osaleka. Ndiwo zamasamba monga bonongwe, mpiru ndi nkhwani zimachepetsa mphamvu ya warfarin, koma adokotala sanandiletse, anangoti ndizidya mofanana sabata ndi sabata, osati kuzichulutsa dzinja n'kuzisiya m'malimwe. Bactrim amawonjezera mphamvu yake, mankhwala a TB amaichepetsa, ndipo Brufen amene timagula pagolosale msana ukamawawa angayambitse kutaya magazi m'mimba. Mankhwala azitsamba ndinasiya, mowa nawonso ndinasiya, pakuti umautsa nthendayi. Ndichenjezenso anzanga amene amadalira aspirin kuti payekha sateteza mokwanira pa nthenda iyi.

Ana anga atamva za matendawa anafuna kundilanda njinga ndi khasu kuti ndizingokhala pakhonde. Anachita izi mwachikondi, koma analakwitsa, ndipo adokotala anawauza maso ndi maso kuti thupi longokhala limanenepa, BP n'kukwera, pomwe zonse ziwirizi zimakulitsa nthendayi. Chimene ndinasintha ndi kachitidwe. Ndimalima m'mamawa dzuwa lisanatenthe, pachitunda ndimatsika n'kukankha njinga, ndipo ndikamva chizungulire kapena kupweteka pachifuwa ndimaima. Ndikadzagwa n'kumenyetsa mutu ndidzapita kuchipatala tsiku lomwelo ngakhale bala lisaoneke, chifukwa womwa warfarin amatha kukha magazi mkati mwa mutu osadziwa.

Chimene chimandiwawa ndi ulendo wokayezetsa INR. Chipatala chathu chaching'ono sichiyeza, choncho ndimakwera minibasi kupita kutali, ndipo mwezi umene penshoni yachedwa ndimamwa mankhwalawa mongoganizira.

Ndikupempha Unduna wa Zaumoyo kuti kuyeza kumeneku kufike m'zipatala zapafupi ndi midzi. Koma pomwe tikudikira zipangizo, anamwino ndi alangizi a zaumoyo auzidwe kuti wokalamba aliyense wodzayezetsa BP azimugwiranso pamkono kwa mphindi imodzi, ndipo akamva kugunda kosalongosoka azimulembera kalata yopita kukayezetsa ECG tsiku lomwelo.

Mphunzitsi wopuma pantchito,
Dedza