Kalata yotseguka kwa Nduna ya Zamaphunziro: ana athu awerenge za akapolo amene anadzipulumutsa okha

Olemekezeka a Nduna,

Ife olemba kalata ino ndife aphunzitsi a mbiri yakale ndi a Chichewa m'masekondale. Tikupempha kuti unduna wanu, kudzera ku Malawi Institute of Education ku Domasi, ulembetse buku la nkhani yopeka yotsamira pa mbiri yeniyeni, lonena za anthu ogwidwa ukapolo amene anathawa, ndipo lilowe pakati pa mabuku a Chichewa a Fomu 3 ndi 4 amene MANEB imafunsa.

Wophunzira aliyense amatchula Livingstone, Jumbe wa ku Nkhotakota, Mlozi ndi Harry Johnston osadodoma. Koma munthu amene anali m'goli alibe dzina, alibe mawu, amangodikira mzungu kuti adzamumasule. Ichi ndicho chikutiwawa, chifukwa ambiri sanadikire. Cha m'ma 1870, Atonga amene anali mu ukapolo kwa Angoni a M'mbelwa anathawa n'kubwerera kunyanja, ndipo asilikali owalondola anagonjetsedwa ku Chintheche. Ena anakwera mapiri monga Mulanje ndi Zomba, ena anabisala pachilumba cha Chisi m'nyanja ya Chilwa, ena anamanga malinga.

Buku lotere likalembedwa mwaulesi lidzangowonjezera bodza, n'chifukwa chake tikutchula zimene wolemba ayenera kuzigwira bwino.

Tiyambe ndi goli. Unali mtengo wamphanda wotalika pafupifupi mamita 2. Khosi linkalowa pamphandapo, kutsogolo n'kupingasa chitsulo chokhomera mbali zonse ziwiri. Pa 16 Julaye 1861, pamudzi wa Mbame, pamene Livingstone ndi anzake anamasula anthu 84, zingwe za amayi ndi ana zinadulidwa ndi mipeni mosavuta, koma amuna anachita kuwacheka magoli mmodzimmodzi ndi sowo yopezeka m'katundu wa Bishopu Mackenzie, mtsogoleri wa amishoni amene anali nawo pa ulendowo. Ndiye nkhani yoti mwamuna anathyola goli ndi manja usiku n'kuliyatsa liwiro ndi nthano chabe. Mpata weniweni unali wa omangidwa ndi zingwe, wa otumidwa kukatunga madzi kapena kukatola nkhuni, ndi wa amene amasulidwa goli poti ayenda mtunda wautali ndipo eni ake aleka kuwakayikira. Dziwaninso kuti gulu la pa Mbame linkapita ku Tete. Si akapolo onse amene ankalowera ku Kilwa, doko la msika wa akapolo la ku Tanzania wa lero.

Nthawi yothawira inalinso ndi malire ake. Munthu asanawolotsedwe nyanja, ankadziwa phiri lakwawo, ankamva chinenero cha midzi imene akudutsa. Akangomukweza m'chombo pa Nkhotakota n'kutsikira tsidya lija, kutsogolo kunali ulendo wa miyezi itatu kapena inayi wa ku Kilwa, kumbuyo kunali madzi. Nyengo nayo inkalamula. M'chilimwe tchire lapsa, munthu amaonekera patali, ndipo madzi ali m'zitsime zochepa zimene omulondola akuzidziwa. M'dzinja udzu umabisa, m'minda muli chakudya, koma mitsinje yadzaza ndipo phazi limatsala m'matope.

Funso lalikulu, limene olemba ambiri amalithawa, ndi lakuti wothawayo ankapita kuti. Kwawo kawirikawiri kunali kutasanduka bwinja. Nthawi zina amene anamugulitsa anali malume ake enieni, chifukwa cha mlandu, ngongole kapena njala. Akadzipereka kwa mfumu ina ankasanduka munthu wa mfumuyo, ndipo mfumu yosowa nsalu kapena wonga inkatha kumugulitsanso. Kumishoni nakonso sikunali kopumira. Omasulidwa pa Mbame anatengeredwa ku Magomero, koma Mackenzie anamwalira mu Januwale 1862, njala yoopsa inagwa, anthu ambiri anafa, mishoni inasamuka, ndipo ena mwa otsala anakathera ku Cape Town. Mmodzi mwa ana omasulidwa mu 1861, Chuma, ndiye anadzakhala pakati pa onyamula mtembo wa Livingstone kupita nawo kugombe la nyanja yamchere, ulendo woyamba mu 1873 n'kutha mu 1874. Mishoni ya Blantyre, yoyamba mu 1876, inkalandira othawa, ndipo zimenezi zinaiyambanitsa ndi mafumu ozungulira amene ankabwera kudzafuna anthu awo. Buku lotha ndi nthungululu pachipata cha mishoni lidzakhala litanamiza ana.

Pali msampha wina, a Nduna. M'kalasi imodzi mumakhala Myao, Mngoni, Mchewa, Mlomwe, Mtonga ndi Mnkhonde. Bukuli likaloza mtundu umodzi kapena chipembedzo chimodzi ngati chigawenga, mwana wina adzatuluka ali wera. Chuma amene tamutchulayu anali Myao, ndipo anali m'gulu la ogwidwa. Ogula anali ku Zanzibar ndi kwa Apwitikizi, ogulitsa anali m'mitundu yambiri, ndipo akapolo ndi adzakazi ankasungidwanso m'midzi yathu momwemu. Wolemba anene zonsezi mosapsatira.

Kalembetsedwe kake sikovuta. Itanani olemba apereke mutu umodzi woyeserera, musankhepo. Wosankhidwayo apatsidwe ndalama ndi chaka chathunthu, akawerenge ku National Archives ku Zomba ndi ku laibulale ya Society of Malawi ku Mandala. Akayende ndi mapazi ake pa Nkhotakota, pa Fort Lister pakati pa Mulanje ndi Michesi, ndi ku Karonga kumene Mlozi anapachikidwa mu Disembala 1895 ndipo akapolo oposa 500 anapezeka m'linga lake. Akajambule mawu a agogo amene akadasunga nyimbo ndi mbiri za mabanja, koma mayina a mabanja asinthidwe, popeza mawu oti "mdzukulu wa kapolo" akadanyoza mpaka lero. Zolembazo zisanasindikizidwe, katswiri wa mbiri aziunike, ndipo ziyesedwe m'sukulu zingapo za m'zigawo zonse zitatu. Kumapeto kwa buku kukhale mapu a njira ndi masamba ochepa olekanitsa zochitika zenizeni ndi zopeka, kuti mphunzitsi asasokoneze ziwirizi pokonzekeretsa ana mayeso.

Agogo odziwa nkhanizi akutha, choncho ntchito yojambula mawu iyambe chaka chino ngakhale ndalama zosindikizira zisanapezeke.

Ife anu,
Aphunzitsi a mbiri yakale ndi a Chichewa