Zaka 5 ku usilikali, dimba athirira ndani?

Akonzi,

Ndiloleni ndiikepo mlomo pa lamulo limene aphungu a ku Maputo anavomereza mu Disembala 2023, lakuti usilikali wokakamiza ku Mozambique uzikhala wa zaka 5 m'malo mwa zaka 2, ndipo a m'magulu apadera azikhalako zaka 6. Ena aziti ndi za eni ake. Ife a pa Lizulu sitingatero: malire athu ndi msewu wa M1, kachewere amene ndimapikula amachokera ku Angonia ndi ku Tsangano, ndipo achimwene anga ali pa chikamwini komweko.

Chifukwa chake n'chomveka. Ku Cabo Delgado, chigawo cha kumpoto kwa Mozambique, kwakhala nkhondo kuyambira 2017, ndipo msilikali ankati akangoyamba kuidziwa ntchito, nthawi yake yatha. Koma akuluakulu akamawerengera ndalama amaona yunifomu, nsapato, chakudya ndi mfuti basi. Zimene mnyamata akanapindula ali pakhomo sizilembedwa m'buku lililonse la boma.

Mwana wa achimwenewo wakwanitsa zaka 18 ndipo analembetsa kale monga lamulo likufunira. Si onse olembetsa amene amaitanidwa, koma akaitanidwa iyeyu pakhomopo pagwa. Ndiye amathirira dimba, ndiye amapopera mankhwala chiwawu chikagwira kachewere, ndiyenso amabweretsa matumba kumsika. Bambo ake msana unatha kalekale. Aganyu amafuna ndalama pamanja, ndipo ndalamayo ichoka pa ya fetereza, ndiye kuti munda uchepa. Zaka 5 ndi zokolola 5 za dzinja, kuphatikizapo 5 za kudimba. Nanenso wopikula ndidzalira nawo, sindibisa.

Chimene chimandiwawa kwambiri n'chakuti mnyamatayu wayamba kumene kuphunzira kukonza njinga zamoto ku Ulongwe wa ku Angonia. Ntchito yamanja imakhwima munthu akadali wamng'ono. Pobwerako adzapeza anzake ali ndi mashedi awoawo, makasitomala atawazolowera, iye akuyambira kugwirira ena sipanala ndevu zili pepeya.

Pa wailesi ndimamva anthu ena akufuna kuti kuno ku Malawi achinyamata onse azikakamizidwa kupita ku kampu, ati ulesi uthe ngati nthawi ya Apayoniya. Oyankhula choncho ambiri ana awo ali ku koleji, sagwira khasu. Asanaimbenso foni, abwere pa Lizulu tsiku la msika adzaone amene amasenza matumba, atiuze kuti anyamata amenewa akachoka adzasenze ndani, ndipo adzamulipire ndani.

Mayi wopikula kachewere,
Lizulu, Ntcheu