Kalata Yotseguka kwa Nduna Yoona za Maphunziro a Ukachenjede: Luso Lophunzira Liphunzitsidwe M'kalasi

Olemekezeka a Nduna,

Ndikulemba kalatayi monga mmodzi mwa aphunzitsi a ophunzira a chaka choyamba pa sukulu ya ukachenjede, ndipo pempho langa ndi limodzi. Unduna wanu ulamule, komanso upereke ndalama, kuti luso lophunzira liziphunzitsidwa mkati mwa maphunziro enieni a chaka choyamba, m'malo molisiyira sabata yolandira ophunzira atsopano, pamene munthu mmodzi amaimirira kutsogolo kwa ola limodzi n'kuwauza kuti azilimbikira ndi kusamala nthawi, kenaka nkhaniyo n'kuthera pomwepo.

Ophunzira amene amalephera m'semesita yoyamba kawirikawiri si aulesi. Ambiri ndi omwe aja ankatsogola ku sekondale, ndipo ankatsogola chifukwa choloweza manotsi a mphunzitsi mpaka kuwatchula pamtima. Akafika ku yunivesite amapeza kuti zowerenga zachuluka koposa zimene mutu ungaloweze, palibe wowafunsa ngati awerenga, ndipo mafunso a mayeso akufuna kuti munthu agwiritse ntchito mfundo pa vuto limene sanalionepo. Poona kuti zinthu zikuvuta, iwo amawonjezera maola pa njira yomweyo imene yasiya kuwathandiza: amachezera m'laibulale, kuwerenga tsamba lomwelo kachitatu ndi kachinayi. Zotsatira zikatuluka, ife aphunzitsi timanena kuti anabwera osakonzeka, timaloza chala sukulu za sekondale, ndipo wophunzirayo amabwerera kwawo akukhulupirira kuti alibe nzeru. Ndalama za boma ndi za makolo zimene zinamufikitsa pamenepo zimangolowa m'madzi.

Chimene chimandipweteka n'chakuti njira zothandiza zinadziwika kalekale. M'chaka cha 1885, Hermann Ebbinghaus wa ku Germany anasonyeza kuti munthu amaiwala mofulumira kwambiri zimene wangophunzira kumene, ndipo kuti kubwereza motalikitsa nthawi, lero pang'ono, mawa pang'ono, kumasunga zambiri koposa kupanikiza zonse tsiku limodzi. Mu 2006, Henry Roediger ndi Jeffrey Karpicke a pa Washington University ku St. Louis anapatsa ophunzira nkhani yaifupi. Gulu lina linaiwerenga mobwerezabwereza, pamene lina linaiwerenga kamodzi kenaka n'kumayesa kulemba zimene likukumbukira popanda kuyang'ana. Atayesedwa patangopita mphindi zisanu, owerenga mobwereza aja anapambana. Koma patatha sabata imodzi zinthu zinatembenuka: odziyesa aja anakumbukira pafupifupi 61 peresenti, pamene owerenga mobwereza anatsala ndi 40 peresenti yokha. Komanso amene anawerenga mobwereza ndi amene anali ndi chikhulupiriro chachikulu kuti adzakumbukira bwino. Apa ndi pamene pagona vuto lonse, a Nduna. Kuwerenga mobwereza kumanyenga, chifukwa mawu akazolowereka m'maso munthu amaganiza kuti wawadziwa, pamene kutseka buku n'kudzifunsa mafunso kumapweteka mutu ndipo kumaonetsa poyera zimene sukudziwa. Wophunzira akasiyidwa yekha amasankha njira imene ikumutonthoza mtima. Mu 2013, John Dunlosky ndi anzake anaunika njira khumi zimene ophunzira amagwiritsa ntchito, ndipo anapeza kuti ziwiri zokha, kudziyesa ndi kubwereza motalikitsa nthawi, ndizo zili ndi umboni wamphamvu. Kuwerenga mobwereza ndi kudula mizere kapena kupaka utoto pa mawu, zomwe ophunzira ambiri amadalira, zinali m'gulu la njira zosathandiza kwenikweni.

N'chifukwa chake ndikunena kuti kungowauza sikukwanira. Munthu sasiya chizolowezi chimene chinamupambanitsa kwa zaka zambiri chifukwa cha ulaliki wa ola limodzi. Njirazi ziyenera kulukidwa m'kaphunzitsidwe ka phunziro lililonse: timayeso tating'ono sabata iliyonse, tokhala ndi malikisi ochepa kuti tisaopseze, tofunsa za sabata ino komanso za masabata atatu apitawo, ndipo mayankho ake azikambidwa nthawi yomweyo. Wophunzira wa masamu aphunzire kuwerenga masamu kwa mphunzitsi wa masamu, ndipo wa zamalamulo aphunzire kuwerenga chigamulo cha khoti kwa mphunzitsi wa zamalamulo, pakuti luso limeneli limasiyana phunziro ndi phunziro. Kalasi yapadera ya luso lophunzira, yopanda malikisi komanso yosakhudzana ndi phunziro lililonse, ophunzira amaithawa, ndipo sindingawadzudzule.

Izi zikutifikitsa kwa ife aphunzitsi. Ambiri tinalembedwa ntchito chifukwa cha madigiri athu, timakwezedwa chifukwa cha kafukufuku amene tasindikiza, ndipo palibe anatiphunzitsa kuphunzitsa. Timachita zimene anatichitira aphunzitsi athu, ndiko kuyankhula ola lonse ophunzira akulemba. Koma mu 2014, Scott Freeman ndi anzake anasonkhanitsa zotsatira za kafukufuku 225 wa maphunziro a sayansi, uinjiniya ndi masamu, ndipo anapeza kuti m'makalasi amene mphunzitsi amangoyankhula yekha olephera anali pafupifupi 34 peresenti, pamene m'makalasi amene ophunzira amayankha mafunso, kukambirana ndi kuthetsa mavuto m'kalasi momwemo olephera anali pafupifupi 22 peresenti. Mphunzitsi amene akufuna kusintha motere amafunika nthawi yokonzekera ndi omuthandiza kuchonga, ndipo sadzachita zimenezi ngati akudziwa kuti pa tsiku lokwezedwa palibe adzaziwerengera.

Pali chinthu china chimene ndikupempha kuti muchiganizire mofatsa, ndicho manyazi. Chithandizo chikalengezedwa kuti ndi cha ophunzira ofooka, ofookawo ndi amene amayamba kuchipewa, poopa kudziwika. Deanna Martin wa pa University of Missouri ku Kansas City anaona zimenezi, ndipo mu 1973 anayambitsa njira imene siisankha ophunzira ovutika, koma imasankha maphunziro ovuta, amene chaka ndi chaka amagwetsa anthu ambiri. Wophunzira wamkulu amene anakhoza bwino phunzirolo amalowanso m'kalasi, kenaka amatsogolera timagulu sabata iliyonse, momwe aliyense amaloledwa kubwera, wokhoza ndi wovutika yemwe. Iye sabwereza zimene mphunzitsi ananena. Amathandiza anzakewo kufunsana, kufananiza manotsi ndi kupeza okha mayankho. M'zaka zomwezo za m'ma 1970, Uri Treisman wa pa University of California ku Berkeley anafufuza chifukwa chimene ophunzira ena anzeru ankalepherera masamu, ndipo anapeza kuti olepherawo ankawerenga okhaokha, pamene okhoza ankakumana, kutsutsana ndi kukonzerana zolakwa. Iye sanawapatse masamu ofewa. Anawasonkhanitsa m'magulu n'kuwapatsa mafunso ovuta kwambiri, ndipo zotsatira zawo zinakwera. Njira zoterezi sizifuna nyumba zatsopano. Zimafuna kuti atsogoleri a timaguluwo aphunzitsidwe ndi kulipidwa kangachepe mokhazikika, chifukwa ntchito yodalira kudzipereka kokha imazilala mayeso akayandikira.

Akulu anati mmera mpoyamba. Wophunzira amene akumira amaonekera m'masabata anayi kapena asanu ndi limodzi oyambirira, komatu m'masukulu ambiri palibe amadziwa mpaka mayeso otsiriza atachongedwa. Kuyambira mu 2012, Georgia State University ku Atlanta inayamba kutsatira zizindikiro zoposa 800 za wophunzira amene wayamba kuterereka, monga kukhoza mochepa phunziro limene ndi maziko a digiri yake, ndipo inalemba alangizi ena ambiri kuti aziitana wophunzira woteroyo m'masiku ochepa. Sindikupempha kuti mugule makina odula ochitira zimenezo. Kaundula wa obwera m'kalasi ndi zotsatira za timayeso tiwiri toyamba n'zokwanira kuonetsa amene ayenera kuitanidwa, bola pakhale munthu amene ntchito yake ndi kuitana, ndipo akhale ndi chiwerengero cha ophunzira chimene angathe kuwadziwa mayina. Pa kukambirana koteroko ndi pamene zimadziwikanso kuti wina sakulephera chifukwa cha kawerengedwe, koma njala, kusowa pogona kapena nkhawa, ndipo amatumizidwa kumene angathandizidwe nthawi isanathe.

Ndisaiwale kulemba. Ophunzira ambiri amaphunzira m'chiyankhulo chimene si chobadwa nacho, ndipo timawalanga chifukwa chokopera mawu a ena tisanawaonetse n'komwe mmene munthu amafotokozera mfundo ya wina m'mawu akeake ndi kutchula kumene waitenga. Lero, pamene mapulogalamu a pa intaneti akutha kulemba nkhani yonse m'kamphindi, wophunzira amene sanaphunzitsidwe kulemba ali pa chiyeso chachikulu koposa kale. Apatsidwe mwayi wopereka zolemba zake kawiri, koyamba kuti alandire ndemanga, kachiwiri kuti apatsidwe malikisi.

Ena adzakuuzani kuti zonsezi n'kulera akuluakulu ngati makanda ndi kutsitsa mulingo wa maphunziro. Sindikugwirizana nawo. Mayeso akhale ovuta monga momwe alili, ndipo wolephera alephere. Chimene ndikukana n'chakuti sukulu isankhe yokha wophunzira, ilandire ndalama zake, kenaka inyadire kuchuluka kwa amene yagwetsa ngati umboni wa ukatswiri wake.

Choncho, a Nduna, m'ndondomeko ya zachuma ikubwerayi mupatule ndalama za chithandizo cha chaka choyamba zimene sizingasamutsidwire ku ntchito zina, zolipira atsogoleri a timagulu, alangizi ndi othandiza kuchonga. Mulamulenso kuti sukulu iliyonse ya ukachenjede izipereka chaka ndi chaka chiwerengero cha okhoza, olephera ndi osiyira panjira pa phunziro lililonse la chaka choyamba, ndipo bungwe lovomereza masukuluwa lizifunsa chimene chachitika pa maphunziro amene akugwetsa ambiri, komanso ngati luso la kaphunzitsidwe likuwerengeredwa pokweza aphunzitsi.

Ine wanu mwaulemu,
Mphunzitsi wa ophunzira a chaka choyamba