Kalata kwa Bambo Rich Clark: kuthyoka kwa mwendo wa Jordan Travis kusadzakhalenso mlandu wa timu yonse

Wolemekezeka Bambo Rich Clark, mkulu wa College Football Playoff, mpikisano wopezera akatswiri a mpira wa ku America wa m'mayunivesite,

Ndikudziwa kuti pa 3 Disembala 2023 mpando umene mwakhalapowu unali wa a Bill Hancock, ndipo amene anaonekera pa kanema kufotokoza chigamulo cha komiti yosankha matimu, chosiya timu ya Florida State kunja kwa mpikisanowu, anali a Boo Corrigan, wapampando wa komitiyo. Inu munalowa chaka chotsatira. Koma wolowa ufumu amalandiranso milandu imene anasiya mnzake, ndipo mlandu wa anyamata a Florida State sunazengedwe mpaka lero.

Ine ndinakulira mpira wa miyendo, komwe timu imene yatolera mapointi ambiri ndiyo imanyamula chikho, kaya wogoletsa zigoli wake ali m'chipatala kaya ali pabwalo. Mpira wanu wa ku America ndinauphunzira ndili wamkulu kale, ndipo ndinaukonda. N'chifukwa chake zimene zinachitika chaka chimenecho zimandipwetekabe.

Florida State inasewera masewera 13 ndipo inapambana onse. Inayamba ndi kugonjetsa LSU 45-24 ku Orlando, LSU yomweyo ya Jayden Daniels amene anadzalandira Heisman, mphotho ya wosewera wabwino koposa m'mayunivesite, kumapeto kwa chakacho. Inapita ku Clemson n'kukapambana 31-24 mu nthawi yoonjezera. Kenako pa 18 Novembala, pamasewera ndi North Alabama, Jordan Travis, woponya mpira amene timu yonse inkayendera nzeru zake, anathyoka mwendo, ndipo ulendo wake wa mpira wa kuyunivesite unathera pomwepo. Anzake sanataye mtima. Sabata yotsatira anapita ku Gainesville ndi woponya wachiwiri, Tate Rodemaker, n'kugonjetsa Florida 24-15. Rodemaker naye anagundidwa m'mutu tsikulo, moti pa fainolo ya ligi yawo ya ACC, yokumana ndi Louisville ku Charlotte, timu inatsala ndi woponya wachitatu, Brock Glenn, mnyamata wa chaka choyamba.

Masewera a usiku umenewo sanali okoma m'maso, sindikana. Mpira woponya sunkayenda. Koma onani zimene anyamatawo anachita ataona kuti njira yawo yamasiku onse yatsekeka. Anapereka mpira kwa Lawrance Toafili, wothamanga, amene anaboola mayadi 73. Otchinga, a Jared Verse ndi a Braden Fiske, anamupanikiza woponya wa Louisville usiku wonse, ndipo Louisville itafika pakhomo penipeni pa chigoli, Tatum Bethune anauwakha mpirawo. Louisville sinaoloke mzere wa chigoli ngakhale kamodzi. Masewera anatha 16-6. Kwathu timati mutu umodzi susenza denga, ndipo usiku umenewo denga analisenza ndi anthu amene mayina awo sankatchulidwa kawirikawiri.

M'mawa mwake komiti ya anthu 13 inatenga matimu anayi olowa mumpikisano: Michigan, Washington, Texas ndi Alabama. Florida State, imene masiku asanu okha m'mbuyomo komiti yomweyo inaiika pa nambala 4, inatsitsidwa kufika pa 5 itapambana. Tsiku limene inaiika pa nambala 4 lija, Travis anali atavulala kale, Bambo, ndipo komiti inkadziwa. Chiyambireni mpikisanowu mu 2014, kanali koyamba kuti akatswiri a imodzi mwa ligi zisanu zikuluzikulu asiyidwe panja asanagonjeko.

Alabama sindikuinyoza. Inagonjetsa Georgia 27-24, n'kudula mndandanda wa masewera 29 amene Georgia inapambana motsatizana. Koma Alabama yomweyo inagonja pakhomo pake ku Tuscaloosa kwa Texas, 34-24, ndipo ku Auburn inapulumukira m'kamwa mwa mbuzi, ndi mpira umodzi woponyedwa pa mwayi wachinayi, umene ndi womaliza, patatsala mayadi 31. Kugonja kwa Alabama kunachitika, anthu anakuona ndi maso. Kugonja kwa Florida State kunali m'maganizo a komiti basi. Choganizira chinalemera kuposa chochitika.

Chimene komiti inagwiritsa ntchito ndi ndime ya m'malamulo ake yolola kuganizira za kusowa kwa osewera ofunika. A Corrigan anati Florida State siinalinso timu imene inali m'masabata 11 oyambirira. Komabe mu 2014 Ohio State inataya woponya wake Braxton Miller, amene anavulala sizoni isanayambe, inataya wachiwiri wake J.T. Barrett pamasewera ndi Michigan, n'kutsala ndi Cardale Jones, naye wachitatu. Komiti inaitenga, ndipo inakatenga chikho. Ena amati Ohio State inali itagonjetsa Wisconsin 59-0, pomwe Florida State inangopeza 16. Ngati nkhani yake ndi imeneyo, ndiye kuti tikuuza otchinga onse m'dzikomo kuti thukuta lawo siliwerengedwa mofanana ndi la oponya.

Ndikudziwanso zimene zimanenedwa za Orange Bowl, masewera amene Florida State inapatsidwa itasiyidwa panja, komwe Georgia inaphwanya Florida State 63-3. Masewera amenewo sangakhale umboni. Osewera ambiri odalirika sanasewere, ena akukonzekera kulowa NFL, ligi yaikulu ya osewera olipidwa, ena akusamukira kumatimu ena. Munthu amene mwamuuza kuti kupambana kwake 13 kulibe phindu, mungamudzudzule bwanji akakana kuika mawondo ake pachiswe kachikhumi ndi chinayi?

Koma chimene chandilembetsa kalatayi kwenikweni ndi Tate Rodemaker. Mnyamata uja anagundidwa m'mutu, ndipo timu inachita choyenera: sinamulowetse ku Charlotte. Mphotho ya kusamala kumeneko inali yoti timu inaoneka yofooka pamaso pa komiti. Taganizani mphunzitsi wina amene anaonerera zonsezi. Chaka china woponya wake adzadandaula kuti mutu ukumuzungulira, kutatsala masiku awiri kuti asewere fainolo. Mphunzitsiyo akudziwa kuti akamupumitsa n'kupambana movutikira, komiti ikhoza kumulanga. Mnyamata mwini wakeyo akudziwanso, ndipo anyamata a zaka 20 sachedwa kubisa ululu chifukwa cha anzawo. Lamulo limene limapangitsa kubisa kuvulala kukhala kopindulitsa ndi loopsa m'masewera amene ubongo wa osewera uli kale pachiopsezo. Inu munatsogolera Air Force Academy, munalera achinyamata a msinkhu womwewu, ndipo mukudziwa zimene amachita akaona kuti gulu likudalira iwo.

Mwina mudzati zonsezi zinatha, poti kuyambira 2024 mumalowa matimu 12 ndipo akatswiri a ligi ali ndi malo awo. N'zoona kuti Florida State ya 2023 ikanalowa. Koma malo otsalawo amagawabe ndi komiti, ndipo ndi komiti imene imasanja matimu, zomwe zimasankha woti asewerere pakhomo ndi woti akumane ndi ndani. Nkhwangwa ija idakali m'manja momwemo.

Pempho langa ndi ili, Bambo. Tengerani kwa akuluakulu a maligi amene amakhazikitsa malamulowa ganizo lochotsa ndime ya kuvulala, kuti timu iziweruzidwa ndi masewera amene yasewera. Ndipo mavoti a mamembala a komiti aziululidwa, aliyense ndi dzina lake, kuti wotsitsa timu yosagonja aziyankha yekha pagulu.

Tsiku lachigamulo lija Jordan Travis analemba pa intaneti kuti akanakonda mwendo wake ukanathyoka koyambirira kwa sizoni, kuti anthu aone kuti timuyo inali yoposa woponya wake, ndipo anapepesa. Mnyamata amene anali asanathe n'kuponda pansi komwe anapepesa chifukwa cha tsiku limene fupa lake linathyokera. Mukamapita kukakumana ndi akuluakuluwo, tengani uthenga umenewo mukawawerengere.

Ine wanu,
Wokonda mpira wa m'mayunivesite