Torres anayambira kwa ana, nanga ogoletsa athu akapuma amapita kuti?

Akonzi,

Ndipatseniko kampata m'nyuzipepala yanu kuti ndilankhulepo za Fernando Torres, katswiri wakale womwetsa zigoli wa ku Spain. Ndikudziwa kuti tsamba la makalata masiku ano limadzaza ndi madandaulo a mafuta ndi mtengo wa chimanga, koma nkhani iyinso ikukhudza ana athu.

Ine ndine mphunzitsi wa pulayimale wopuma pantchito. Ndimakhala ku Chilomoni, ndipo Loweruka m'mawa ndimaphunzitsa mpira anyamata a zaka 11 mpaka 15 pabwalo lafumbi la kwathu kuno. Pakati pa anyamata amenewa dzina la Torres ndi chipongwe. Mnzawo akazemba goloboyi n'kumenyera mpira kunja, onse amakuwa kuti "Torres!" Anaona pafoni kakanema ka mu September 2011 ku Old Trafford, pomwe Torres, akusewerera Chelsea, anadutsa goloboyi wa Manchester United David de Gea bwinobwino, golo lili pululu, mpira n'kuuponyera kumbali. Za munthuyu amadziwa zokhazo. Sadziwa kuti atapachika nsapato anabwerera kwawo kukaphunzitsa achinyamata, ndipo mbali imeneyo ya moyo wake ndi imene ife a ku Blantyre tikufunika kuimvetsa.

Torres anabadwa mu 1984 ku Fuenlabrada, kufupi ndi mzinda wa Madrid. Analowa m'timu ya ana ya Atlético Madrid ali ndi zaka 11. Pamene ankayamba kusewera m'timu yaikulu mu 2001, ali ndi zaka 17, Atlético inali itatsika kupita m'ligi yachiwiri, ndiye sanayambire pabwino ayi. Inabwereranso m'ligi yaikulu mu 2002 pansi pa mphunzitsi Luis Aragonés, ndipo pofika zaka 19 mnyamatayu anali atavala kale lamba wa ukaputeni. Taganizani, mwana wa msinkhu wa Fomu 4 kutsogolera madoda a ndevu pabwalo la Vicente Calderón.

Mu 2007 Rafa Benítez anamutengera ku Liverpool. Amene tinkadzazana m'mavidiyo sho a ku Ndirande ndi ku Zingwangwa nthawi imeneyo tikukumbuka. Chaka chake choyamba anamwetsa zigoli 24 m'ligi yokha, 33 kuphatikiza mipikisano yonse. Steven Gerrard akangodzutsa mutu, Torres amakhala atanyamuka kale. Kenako panabwera usiku wa pa 29 June 2008 ku Vienna, ndime yomaliza ya chikho cha mayiko a ku Ulaya, Spain ndi Germany. Chigoli cha usiku umenewo ndimachifotokozera anyamata anga kawirikawiri. Xavi anakankha mpira pakati pa otseka kumbuyo. Philipp Lahm anali patsogolo, mpira unali wake, ndipo anautchinga ndi thupi podikira kuti goloboyi Jens Lehmann autole. Wina aliyense akanaima. Torres anazungulira kunja kwa Lahm, anamupitirira ndi phewa, n'kuunyamula mpirawo pang'ono chabe pamwamba pa Lehmann amene anali akudzigwetsa. Masewero anatha 1-0, ndipo Spain inatenga chikho chachikulu koyamba kuchokera mu 1964. Mphunzitsi wa Spain anali Aragonés yemwe uja, amenenso pa unyamata wake anali katswiri womwetsa zigoli ku Atlético.

Zotsatira zake n'zimene anthu amaseka. Mu April 2010 anamuchita opaleshoni ya bondo, ndipo anathamangira kuchira kuti asaphonye chikho cha dziko lonse cha ku South Africa. Chikhocho Spain inatenga ku Johannesburg, koma iye sanagoletse ngakhale chimodzi, ndipo liwiro lake lija silinabwererenso lonse. Mu January 2011 Chelsea inamugula ndi mapaundi 50 miliyoni, ndalama imene timu ya ku Britain inali isanatulutsepo pa wosewera mmodzi. Anatha pafupifupi miyezi itatu osagwedeza ukonde. Chigoli chake choyamba chinabwera mu April, posewera ndi West Ham mvula ikukhuthuka, mpira utaima m'madzi, iye n'kutembenuka n'kuumenya ndi mwendo wamanzere. Anzake onse anamuunjikira pansi, chifukwa ankadziwa katundu amene anali atasenza.

Munthu ameneyu ankanyozedwa sabata ndi sabata pamaso pa dziko lonse, koma sanathawe mpira. Mu April 2012 ku Camp Nou, Chelsea itatsala ndi osewera 10, iyeyo ndi amene anathamanga yekha kuchokera pakati pa bwalo, n'kuzemba goloboyi Victor Valdés, n'kutseka nkhani ndi Barcelona. Chaka chomwecho anatenga Champions League ndi FA Cup, anagoletsa m'ndime yomaliza ya chikho cha mayiko a ku Ulaya pomwe Spain inakwapula Italy 4-0, ndiponso analandira mphoto ya womwetsa zigoli zambiri pa mpikisano umenewo. Mu 2013 anagoletsanso m'ndime yomaliza ya Europa League polimbana ndi Benfica. Anadutsako ku AC Milan, anabwerera ku Atlético mu January 2015, anatenga nayo Europa League mu 2018, n'kukamalizira ku Sagan Tosu ya ku Japan mu 2019. Timu ya dziko lake anaisewerera masewero 110, zigoli 38.

Tsono munthu wa mbiri yotere, ndalama ali nazo, akanatha kukhala phee pakhomo kapena kumangoyankhula pa kanema. Akanathanso kudikira kuti timu ina yaikulu imukodole chifukwa cha dzina. M'malo mwake anakhala pansi kuphunzira za uphunzitsi, ndipo mu 2021 anatenga timu ya Atlético ya anyamata osapitirira zaka 19. Anakhala nayo zaka zitatu, akuyenda m'mabwalo ang'onoang'ono a kunja kwa Madrid kumene oonerera ambiri ndi makolo a osewera. Mu 2024 ndi pamene anamukweza kupita ku timu yachiwiri ya Atlético, imene inali m'ligi yachitatu ya dzikolo. Timu yaikulu ili m'manja mwa Diego Simeone kuyambira mu 2011, ndipo palibe amene anaona chachilendo kuti Torres adikire nthawi yake. Raúl, katswiri wa Real Madrid, anayenda njira yomweyo: anayamba ndi tiana mu 2018, anapatsidwa timu yachiwiri ya Castilla mu 2019, ndipo mu 2020 anatenga chikho cha achinyamata cha UEFA.

Sindikunena kuti Torres ndi mngelo. Mu 2023, pa masewero a achinyamata pakati pa Atlético ndi Real Madrid, anakangana ndi mphunzitsi mnzake Álvaro Arbeloa, amene ankasewera naye limodzi ku Liverpool, mpaka oyimbira anamutulutsa ndi kadi yofiira. Zinali zochititsa manyazi pamaso pa ana. Koma ndi chifukwa chakenso mphunzitsi amayenera kuyambira pansi. Mtima wapachala, kusintha osewera molakwika, kulephera kulankhula ndi mwana wokhumudwa, zonsezi munthu aziphunzire kumene kulakwitsa sikumuchotsetsa ntchito Lolemba lotsatira.

Chifukwa chake ndikulimbikira za ogoletsa makamaka n'chakuti pali zinthu zimene ine, ndi ena onse ongodzipereka ngati ine, sitingathe kuphunzitsa. Ndili ndi mnyamata wina wa zaka 13, wamtali, wothamanga, amene anakulira pa mpira wachikulunga m'makwalala. Miyezi ingapo yapitayo anaphonya penate pa masewero ochezerana ndi ana a ku Chirimba, ndipo anzake anamuseka mpaka kunyumba. Kuchokera tsiku limenelo akafika pamaso pa goloboyi samenya. Amayang'ana kumbali, kufuna woti amupatsire, ngakhale mnzakeyo ali pamalo oipa. Ndamuwona akuchepetsa dala liwiro kuti wotseka kumbuyo amupeze, kuti mlandu usakhale wake. Ine ndikhoza kumuuza kuti limba mtima, ndipo ndimamuuzadi. Ndikhoza kumuikira miyala iwiri m'makona a golo kuti azilunjika pamenepo. Koma zimene zimachitika m'mutu mwa munthu m'kamphindi kamene goloboyi akutuluka, nthawi yoyenera kudzutsa maso, phazi loyenera kutsamira, mmene umagonera usiku utaphonya pamaso pa anthu zikwi, zimenezo amazidziwa ndi amene anazilawa. Mwana wotere akufunika mkulu womuuza kuti, "Inenso ndinatha miyezi osagoletsa, bwera ndikuonetse mmene ndinatulukiramo." Anyamata a ku Atlético mkulu wotereyo anamupeza. Chilala chimene Torres anadutsamo ku Chelsea n'chimene chikumupatsa mawu oti mwana amve.

Ndipotu ife Amalawi nkhani imeneyi si yachilendo kwa ife. Kinnah Phiri anali womwetsa zigoli woopsa ku Bata Bullets ndi ku timu ya dziko, anatenga nawo chikho cha kum'mawa ndi pakati pa Africa mu 1978 ndi 1979, ndipo zigoli zake 71 m'timu ya Flames palibe amene wazifikira. Atakhala mphunzitsi anafikitsa Bullets m'ndime ya m'magulu ya CAF Champions League mu 2004, ndipo mu 2010 anatitengera ku Angola, ku chikho cha mayiko a mu Africa, patatha zaka 26 tisanapondeko. Ndani waiwala tsiku lija ku Luanda, Russel Mwafulirwa, Elvis Kafoteka ndi Davi Banda atathira Algeria zigoli zitatu kwa duu? Blantyre yense anatuluka m'misewu. Umboni woti wogoletsa angasanduke mphunzitsi wabwino tili nawo pakhomo pomwe pano.

Koma Kinnah ndi mmodzi. Ena onse aja amene ankatiimiritsa pa Kamuzu Stadium, a Maule ndi a Manoma omwe, ali kuti? Ena timakumana nawo m'minibasi za ku Limbe, ena akuchita timabizinesi kuti ana adye, ena timangomva pawailesi kuti akudwala ndipo anthu akusonkha ndalama. Ochepa amene amalowa uphunzitsi amaponyedwa msanga pa timu ya m'ligi yaikulu chifukwa masapota akufuna dzina lodziwika. Akagonja masewero atatu otsatizana, masapota omwewo amamudikira pachipata, akuluakulu a timu n'kumuchotsa. Munthu uja amachoka ndi manyazi, osabwereranso ku mpira, ndipo luso lake lonse limapita naye. Chikhalirecho chaka ndi chaka timadandaula kuti Flames ikusewera bwino pakati koma kutsogolo kulibe womaliza. Womalizayo achokera kuti ngati pa zaka 12 sanakumanepo ndi munthu wodziwa kumaliza? M'mera mpoyamba.

Ena adzati ku Spain kuli ndalama, kuno kulibe. N'zoona, ndipo sindikupempha mabwalo a kapinga wothirira. Ndikupempha zinthu zimene tingakwanitse. Bullets ndi Wanderers ali kale ndi matimu achisodzera. Timu iliyonse italemba wogoletsa wake wakale mmodzi, kumupatsa malipiro a pamwezi odziwika, ntchito yake n'kukhala yophunzitsa osewera kutsogolo a zaka 13 mpaka 17, kodi zingagwetse bajeti? Makampani amene amathandiza matimuwa amawononga zochuluka kuposa pamenepo pa zikwangwani. Bungwe la FAM nalo, pokonza maphunziro a aphunzitsi ku Chiwembe, lisungire malo osewera amene atsala pang'ono kupuma, ndipo liwachepetsere mtengo, kuti munthu azipachika nsapato pepala loyamba lili kale m'manja. Dzina lokha siliphunzitsa mpira. Torres ndi zikho zake zonse anakhala m'kalasi, ndiye athunso asaone ngati kunyozeka kukhala pa desiki n'kulemba mayeso.

Kwa osewera akalewo ndikuti, musaone kuphunzitsa ana ngati kutsika. Ndikudziwa kuti n'zowawa munthu amene dzina lake linkaimbidwa m'nyimbo ndi bwalo lonse kupezeka ali pa fumbi ku Bangwe ndi ana opanda nsapato, mpira umodzi wokhawo uli wosokedwasokedwa. Koma ana amenewo ndi amene adzavale yunifomu yofiira ya dziko lino. Gabadinho Mhango, amene anamwetsa chigoli chapatali chija polimbana ndi Morocco mu January 2022, sadzasewera mpaka kalekale. Tabitha ndi Temwa Chawinga, amene atsogolapo pa kumwetsa zigoli m'maligi a ku Italy, France ndi America, nawonso tsiku lina adzabwerera kumudzi. Ndikufuna adzapeze njira yokonzedwa kale, yoti munthu ayambe ndi ana, akwere pang'onopang'ono, akulipidwa, osati kudzangoitanidwa kukapereka mphoto pa masewero omaliza.

Pakadali pano, ngati alipo wogoletsa wakale wa m'ligi yaikulu amene akukhala muno mu Blantyre ndipo wawerenga kalatayi, ndikumupempha atipatseko Loweruka limodzi pamwezi. Timayamba 7 koloko m'mawa dzuwa lisanakwere, timaweruka 10 koloko. Ndalama ya minibasi makolo a anawa avomera kusonkha. Keyala yanga ndaisiya kwa inu Akonzi, ndipo chonde mupatseni aliyense amene angaifunse pa nkhani imeneyi.

Mphunzitsi wopuma,
Chilomoni, Blantyre